Azakhali, mwana wanga akuti bambo ake ndi noob



Kwathu ndi ku Nkhotakota koma ndimakhala kuno ku Dar es Salaam, ku Mwananyamala. Ndimagulira anzanga akumudzi zitenje ndi nsapato ku Kariakoo n'kumawatumizira pa basi, ndipo bambo akunyumba ndi khukhi panyumba ina ku Upanga. Mwana wathu wachisamba, wa zaka 14, wayamba Fomu 1 chaka chino. Akaweruka kusukulu amathera pachibanda cha PS kuseri kwa msika, komwe anyamata amalipira kuti amenye mpira wa pa TV. Usiku amaba foni yanga n'kumawomberana ndi anthu osawadziwa pa Free Fire, bando yanga phyiti.

Chandilembetsa kalatayi ndi pakamwa pake. Akatha kudya nsima sathokoza, amangoti "GG". Netiweki ikavuta akuti "lag". Abusa akatalikitsa ulaliki amandinong'oneza kuti "extra time". Sabata yatha bambo ake anasokoneza potumiza ndalama pafoni, iye n'kuwauza kuti ndi "noob". Bambowo anamwetulira poyesa kuti ndi ulemu, mpaka mnyamata wina wa kutchalitchi anawamasulira. Pano alamula kuti akadzapondanso pachibandapo amukweza basi ya ku Songwe, akalime mpunga kwa agogo ake. Koma aphunzitsi ake akuti m'kalasi monse palibe womuposa Chingerezi. Ndimuletse kapena ndimuleke?

Mayi wothedwa nzeru, Mwananyamala

Mayi inu,

Mwandiseketsa mpaka nthiti kuwawa. Muwapepesere bambowo m'malo mwanga, koma muwauzenso kuti ana amasewerawa amati noob ponena munthu wongoyamba kumene, amene manja ake sanazolowere. Munthu wamkulu, zaka zonsezi ali m'tauni, n'kumasokonezabe manambala potumiza ndalama? Mwanayo sananame. Kulakwa kwake n'kwakuti wanena.

Mwana wanuyo ali ndi aphunzitsi amene inu simuwalipira fizi, ndipo maina awo ndikupatsani kuti muziwapempherera. Mu mpira uja ankautcha FIFA, umene kuyambira 2023 ukutchedwa EA Sports FC, amaulutsa ndi Derek Rae wa ku Scotland ndi Stewart Robson, amene kale ankasewera mu Arsenal. Mu unzake wa eFootball, umene anyamata akale amautchulabe kuti PES, muli Peter Drury, yemwe uja amalankhula ndakatulo chigoli chikalowa. Azungu amenewa anajambulidwa mawu kale, ndipo satopa, sadwala, sapita kumaliro. Mpira ukamenya mtengo wa golo amanena mawu omwewo, lero, mawa ndi mkuja, pa nthawi yeniyeni imene mwanayo akuona ndi maso zachitikazo, mtima ukumupweteka chifukwa ndalama yake ikupita ndipo anzake akumuseka. Mawu olowa ndi ululu wotero satuluka. Mphunzitsi wa choko chimodzi ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo angabwereze chiganizo kangati asanasase mawu?

Ndiye taganizani dziko limene mukumulereralo. Kumeneko sukulu za boma zapulayimale zimaphunzitsa m'Chiswahili, Chingerezi n'kungokhala phunziro limodzi mwa ambiri. Mwana akangolowa Fomu 1, pafupifupi zonse zimatembenuka: sayansi, jogalafe, mbiri yakale, zonse m'Chingerezi, ndipo mayeso a Fomu 4 adzalembanso m'Chingerezi momwemo. Ana ambiri chaka choyambachi amangokhala duu, kukopera zapabolodi osamva kanthu. Wanuyo wafika makutu atatsegulidwa kale. Nanga akanachimvera kuti? Kondakitala wa daladala salankhula Chingerezi, wamsika salankhula, ndipo Simba ikakumana ndi Yanga pa Benjamin Mkapa, Baraka Mpenja amabangula pa Azam TV m'Chiswahili. Sukulu zophunzitsa m'Chingerezi kuyambira pansi zilipo, koma fizi yake mungagulitse zitenje zingati? Bambo akamukweza basi, akakumbukire kuti kuno kwathu munthu wolephera Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona, ngakhale masamu atakhoza bwanji.

Komanso inu mayi musadziyeretse. Chiswahili chanucho munachiphunzira kukoleji iti? Si pa Kariakoo pomwepo, kuyamba ndi "bei gani" ndi "punguza", kenako mawu aja munatola kwa a bodaboda amene simungawabwereze kumvano? Palibe anakubwezani ku Songwe.

Komabe aphunzitsi ake akusukuluwo asakutengeni mtima kwambiri. Chingerezi cha mwanayo chili ngati munthu amene wavala jekete la suti kumtunda, kunsi kabudula wa mpira. Amadziwa kunena kuti goloboyi wagona mbali yolakwika, kuti mdani ali kumbuyo kwa khoma, kuti mnzake abwere adzamudzutse wavulala. Muuzeni apemphe chilolezo chopita kuchipatala, apepese kwa munthu wamkulu, kapena alembe kalata yofunsira ntchito kumahotela a ku Masaki kapena kwa okonza zikalata za katundu kudoko, muona jekete likuthera m'chiuno. Ndiponso wachiphunzira ndi khutu. Mawu amene amawatchula bwino ngati wobadwira ku London, mumpatse cholembera muone zimene zituluke.

Za Free Fire ndiye ndilibe nazo chifundo chambiri. Mu mpira muja akumva ziganizo zathunthu za anthu odziwa ntchito yawo. Mu zowomberanazi akumva tizidutswa, komanso pakamwa pa anthu osawadziwa a m'maiko ena amene aphedwa kumene ndipo akwiya. Noob uja ndi waulemu poyerekeza ndi anzake amene sanafike nawo kunyumba. Foni isinthidwe PIN lero lomwe, ndipo isakhale chaka chimene munabadwa, amachidziwa.

Pachibanda azipita, koma Loweruka ndi tsiku limodzi lapakati pa sabata, homuweki itatha, ndipo khomo lake likhale kope. Akabwerako alembe mawu asanu amene wamva, ayang'ane kalembedwe kake m'dikishonale, ndipo lililonse alipangire chiganizo chosakhudza mpira kapena mfuti. Apa ndi pamene pagona ntchito. Akamva kuti wosewera wapatsidwa chenjezo, alembe za chenjezo limene bambo ake amupatsa. Kope likapanda kanthu, ndalama ya chibanda palibe. Mumufunsenso za gawo lija la mu gemu ya mpirayo amalitcha Career Mode, limene munthu amakhala manijala wa timu. M'menemo muli zowerenga: makalata ochokera kwa eni timu, kukambirana malipiro, mapangano a osewera, mafunso a atolankhani. Anyamata amangodina batani kuti zidutse msanga. Chingerezi cha muofesi chimene mukumufunira chili pomwe amadumphapo.

Tsiku la mpira weniweni, tsitsani voliyumu ya TV, mwanayo aime pakati pa nyumba aulutsire bambo ake. Chigawo choyamba m'Chingerezi, chachiwiri m'Chichewa, tione ngati mdzukulu wa ku Nkhotakota angafikeko pa woulutsa mpira uja Steve Liwewe Banda. Ndikunena dala zimenezi, chifukwa m'kalata yanu yonse mwadandaula za Chingerezi, koma simunandiuze ngati mwanayo angacheze ndi agogo ake pafoni mphindi zisanu osathawira ku Chiswahili. Mukadzamutumizadi kumudzi, GG ameneyo akamumasulira ndani?

Pali china chimene simunandifunse. Muziona chimene chayandikana ndi chibandacho. Kumene anyamata amasonkhanira mpira, wobetcha sakhala patali, ndipo ena amayamba ndi kuikirana ndalama pa gemu yomweyo, wopambana atenge zonse. Lamulo la ku Tanzaniako sililola mwana wosakwana zaka 18 kubetcha. Mukadzamva akutchula "odds" kapena mukapeza timapepala tobetchera tija amati mkeka m'thumba la yunifomu pochapa, musandilembere kalata, pitani pachibandapo nokha ndi chitenje chomanga m'chiuno.

Kwa bambo ake apepese, atakhala pansi, m'Chichewa, manja ali pamodzi. Akatha kudya anene zikomo kwa amene waphika. GG akauze anzake. Bambowo nawo achepetse kuwopseza ndi basi, mtengo wa tikiti amaudziwa ndipo mwanayo amadziwa kuti amaudziwa.

Malangizo anga si aulere. Katundu wotsatira akamanyamuka pa Kariakoo mundiikiremo chitenje chimodzi, chenicheni, osati chija chimasuluka pochapa koyamba.

Ndine Azakhali anu