Wakutsina Khutu ndi Mnansi

Muulutsi: Abusa, kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Akuti: "Ndine msungichuma wa amayi a Mvano. Pamsonkhano, mtsikana wamsinkhu wa mwana wanga anaimirira n'kunena kuti ndalama za m'buku sizikugwirizana ndi za m'thumba. Zinalidi zoona, ndinaiwala kulemba K8,000 yomwe tinagulira shuga ndi buledi pamaliro. Koma anandichititsa manyazi, ndipo patha masabata atatu osamupatsa moni. Kodi ndalakwa?"

Abusa: Mayi, mwanena nokha kuti zinali zoona, choncho tiyambire pamenepo. Pa 1 Samueli 15, Samueli atafunsa za nkhosa zomwe zinkalira, Sauli anakankhira mlandu kwa anthu ake, kenaka n'kupempha kuti alemekezedwebe pamaso pa akuluakulu. Ufumu unamuchoka. Pa 2 Samueli 12, Natani anasimbira Davide za wolemera amene analanda kankhosa kamodzi ka mmphawi. Davide atazindikira kuti akunena iye, anavomera tchimo pomwepo, ndipo Salimo 51 ndi pemphero la kulapa kwakeko. Sauli ankateteza nkhope, Davide ankateteza mtima.

Mukuti ndi mwana, ndipo anayankhula pagulu. Paulonso anadzudzula Petro pamaso pa onse ku Antiokeya, chikhalirecho Petro ndiye anayamba utumwi. Pitani kwa mtsikanayo Lamulungu lisanafike, mukamuthokoze poteteza chuma cha Mulungu ndi mbiri yanu. Mukatero mumulangize mwachikondi kuti Mateyu 18 amatiphunzitsa kuyamba takambirana awiri pambali. Ndipo ndalama iliyonse ikatuluka, muzilemba nthawi yomweyo, mnzanu wina n'kusainira.

Muulutsi: Mnyamata wina wa ku Zomba akufunsa: "Nanga wondidzudzulayo akakhala kuti akungondida?"

Abusa: Achimwene, musayankhe tsiku lomwelo, mawuwo agonere. Kenaka chitani ngati mayi wopeta mphale m'lichero: gaga apite, mphale itsale. Funsani anthu awiri okudziwani bwino, osakuopani, ngati m'mawuwo muli choona. Chikapezeka, chikonzeni ngakhale chatuluka pakamwa pa mdani. Chikasowa, mukhululukireni n'kupitiriza ntchito yanu. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.