TIZILOMBO TA M'NSIDZE NDI KUTUPA KWA ZIKOPE

Anthu ambiri m'makomboni, makamaka acikulire, amauka m'mawa zikope zitafiira, zikuyabwa ndiponso zitamatana ndi manthongo. Kawirikawiri amati ndi utsi wa mbaula kapena fumbi la m'cilimwe. Utsi ndi fumbi zimakulitsadi vutoli, koma ngati kuyabwa kwatenga miyezi, cocititsa cingakhale tizilombo tokhala m'mizu ya nsidze, ndiko kuti tsitsi lomera m'mphepete mwa cikope.

KODI NDI TIZILOMBO TOTANI?

Madokotala amaticha Demodex, ndipo kutupa kwa zikope amati blepharitis. Gustav Simon, dokotala wa ku Germany, ndiye anatifotokoza m'caka ca 1842. Kacilomboka kali ndi miyendo 8, ndi kacibale ka kacilombo koyambitsa mphere, ndipo m'litali sikafika theka la milimita, conco sikaoneka ndi maso. Mtundu wina umakhala m'muzu wa nsidze, wina m'timatumba totulutsa mafuta a m'cikope. Masana timabisala, usiku timatuluka kukaswana, ndipo moyo wa kamodzi ndi wa masiku pafupifupi 14.

Pafupifupi munthu wamkulu aliyense ali nato towerengeka popanda kudwala. Matenda amayamba tikaculuka. Motero vutoli si la ufiti ndipo silocititsa manyazi. Tizilomboti siticokera kwa agalu kapena nkhuku, koma timayambukira pakati pa anthu pokhudzana nkhope.

ZIZINDIKIRO ZAKE

Cizindikiro cacikulu ndi tinkhanambo toyera tokulunga tsinde la nsidze ngati mphete. Wodwala akayang'ana pansi, wina angathe kutiona bwino pa cikope ca pamwamba. Zina ndi kuyabwa makamaka m'mawa, kumva ngati m'diso muli mcenga, kuthothoka kwa nsidze, ndi timatuza ta pa cikope tobwera kawirikawiri. Nthawi zambiri maso onse awiri amakhudzidwa.

ZOYENERA KUCITA PA NYUMBA

Mankhwala oyamba ndi kutsuka zikope m'mawa ndi madzulo, motere:

1. Wodwala asambe m'manja ndi sopo.

2. Aviike kansalu kaukhondo m'madzi owiritsa amene atsala ofunda cabe, akaike pa maso otseka kwa mphindi 5 kufika 10 kuti nkhanambo zifewe.

3. Akulunge kansaluko pa cala, apukute pang'onopang'ono m'mizu ya nsidze, diso lili citsekere. Diso linalo alipukute ndi mbali ina ya kansalu.

4. Kansaluko, thaulo ndi nsalu ya pilo zicapidwe ndi madzi otentha ndi kuyanikidwa pa dzuwa.

Aliyense m'banja akhale ndi copukutira nkhope cake. Azimai ndi atsikana asabwerekane zodzola m'maso, ndipo azicotse asanagone. Nsidze zocita kumata zimalepheretsa kutsuka bwino, conco zisiyidwe kufikira atacira.

Ambiri amaleka akaona kusintha pakapita mlungu umodzi, ndipo vuto limabweranso kaamba kakuti mazira amakhala akuswabe. Kutsuka kupitirire kwa milungu 6, ndipo ena afunika kukucita moyo wawo wonse monga kutsuka mano.

CENJEZO

Mankhwala odontheza m'maso ogula pa kantemba kapena pa msika ndi oopsa. Ena ali ndi mankhwala ochedwa steroid, monga dexamethasone, amene amaziziritsa kuyabwa msanga koma osapha tizilombo. Akagwiritsidwa nchito nthawi yaitali amabweretsa ng'ala ndi matenda a glaucoma, amene amapha diso mwakacetecete, ndipo kupenya kotayika ndi glaucoma sikubwereranso. Mkaka wa m'mawere, mkodzo, shuga, parafini ndi madzi a masamba siziyenera kuikidwa m'maso. Mafuta a tea tree amapha tizilomboti, koma osasungunula amaocha diso, conco asagwiritsidwe nchito popanda malangizo a dokotala.

Mu 2023 dziko la America linavomereza mankhwala odontheza ochedwa lotilaner, opangidwira tizilomboti, oika kawiri pa tsiku kwa milungu 6. Wodwala afunse ku cipatala za mankhwala amene alipo omuyenera.

NDI LITI POPITA KU CIPATALA?

Munthu apite tsiku lomwelo ngati diso likupweteka kwambiri, likuopa kuwala, likutuluka mafinya, layamba kuona mwacimbuuzi, kapena cikope conse catupa ndipo thupi latentha. Nsidze zopindikira mkati n'kumakanda diso zingakhale cizindikiro ca trachoma, matenda ena amene amacititsa khungu. Cotupa ca pa cikope cimodzi cosapola mwa munthu wacikulire naco cifunika kupimidwa msanga.

Ngati atsuka kwa milungu 6 popanda kusintha, apite ku kiliniki ya pafupi, kumene angamutumize kwa a maso ku zipatala zonga Chipata Central, Mwami kapena UTH ku Lusaka. Popita anyamule mabotolo onse a mankhwala amene wakhala akuika m'maso.