Kamawu Kakuti "Mind"

Lero tiphunzire kamawu kachingerezi kamene kanatsala pang'ono kundiphetsa munthu.

Nditangoyamba unamwino kuno ku Edmonton, ndinafunsa agogo ena odwala shuga kuti, "Do you mind if I check your sugar?" Iwo anati, "No." Ine ndinabweza kamakina m'thumba poganiza kuti akana. Patapita ola, namwino mnzanga anawapeza akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, shuga atatsika kwambiri. Anachira, koma ine usiku umenewo sindinagone.

Munthu akati "do you mind," akufunsa kuti, "Kodi zikuvutani ndikatero?" Choncho "no" ndiye kuvomera, "yes" ndiye kukana.

Kamawuka kali ndi ntchito zinanso. Pokwera sitima, "mind the gap" ndi chenjezo lakuti tisamale ndi mpata wa pakhomo. "Childminder" ndi wolera ana. "Never mind" ndi "zisiyeni," pamene "mind your own business" ndi "samalani zanu." Pena kamatanthauza maganizo: bungwe lothandiza odwala matenda a maganizo, lomwe linayamba mu 1946, limatchedwa Mind. Pa Aroma 12:2, pamene Baibulo lachingerezi lili ndi "mind," Buku Lopatulika lili ndi "mtima."

Ambiri a ife timasamalira okalamba, ndipo manyazi amatiletsa kufunsanso. Safunsa anadya phula. Masiku ano wodwala akati "no," ndimafunsanso kuti, "May I?" ndipo sindichoka mpaka yankho limveke.