Kuwerengera malipiro a ntchito yoyendetsa thiraki

Katundu wambiri amene timagula m'Malawi amadzera pa madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique, Dar es Salaam ku Tanzania ndi Durban ku South Africa. Feteleza ndi mafuta a galimoto zimafika kuno pa mathiraki. Ntchito yoyendetsa mathirakiwa ambiri amaisirira, koma musanaivomere, dziwani kaye mmene ndalama zake zimayendera.

Dalaivala wa maulendo ataliatali amalandira ndalama pawiri. Pali malipiro a pamwezi, palinso alawansi ya ulendo yogulira chakudya ndi zina zofunika panjira. Ambiri amangofunsa za pamwezi basi, chonsecho kupindula kapena kuluza kwagona pa alawansi.

Tiyerekeze kuti abwana akupatsani K120,000 ya ulendo wa ku Beira, powerengera masiku 6. Ndiye kuti patsiku muli ndi K20,000. Mwafika padoko, mwapeza mzere wautali wa mathiraki, mapepala a katundu sanatuluke. Pobwerera mwagonanso pachipata cha Mwanza kudikira a kasitomu. Masiku 6 aja akwana 10, ndipo ndalama ija tsopano ndi K12,000 patsiku. Kumbukiraninso kuti ku Mozambique mugula chakudya ndi ndalama ya komweko, ndipo posintha kwacha ina imathera pomwepo. N'chifukwa chake madalaivala amayenda ndi mbaula, kapoto ndi ufa m'kabokosi ka m'mbali mwa thiraki, n'kumaphika nsima pafupi ndi matayala. Tsono funsani mosapita m'mbali: “Kodi alawansi ndi ya ulendo wonse kapena ya tsiku lililonse? Nanga masiku odikira amalipira ndani?”

Nkhani ina yowawa ndi ya kudula malipiro. Makampani ambiri amayeza malita a dizilo oyenera kukwanira ulendo. Akaperewera, amadula dalaivala. Koma thiraki yakale yolemedwa, pokwera phiri la Chiweta kuchokera ku Karonga, imamwa dizilo wambiri kuposa yatsopano. Kumeneko si kuba, ndipo si chilungamo kuti dalaivala alipire ukalamba wa galimoto. Pemphani kuti muione thirakiyo. Yang'anani matayala, imvani kulira kwa injini. Mufunsenso amene amalipira tayala likaphulika, katundu akaperewera potsitsa, kapena akakulipiritsani pasikelo chifukwa chonyamula mopyola muyezo, pamene wopakira katunduyo si inu.

Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati olemba ntchito apereke kalata yofotokoza malipiro, maola ogwirira ntchito ndi tchuthi. Lonjezo la pakamwa silikuthandizani mukapita kukadandaula ku ofesi ya za ntchito. Lamulo lomweli limati maola a ntchito pasabata asapitirire 48, ndipo wogwira masiku 6 pasabata ali ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pachaka. Pa penshoni, abwana amasonkha 10 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro anu, inu mumasonkha 5 kwacha. Penshoniyi imawerengedwa kuchokera pa malipiro a pamwezi, choncho kampani yopereka alawansi yonona koma malipiro ochepa ikukuchepetserani ndalama ya paukalamba.

Mufunsenso za matenda ndi ngozi. Mukadwala malungo muli ku Tete, kuchipatala alipira ndani? Mukavulala pantchito, lamulo limati mulandire chipukutamisozi. Zoona zake za zonsezi mukazimva kwa madalaivala a kampaniyo, makamaka amene akhalitsa. Afunseni ngati malipiro amabwera pa nthawi yake, komanso masiku angati amagona kunyumba pakati pa ulendo ndi ulendo.

Zochita: Dalaivala walandira K150,000 ya masiku 5, koma ulendo watenga masiku 10. Kodi patsiku anali ndi ndalama zingati poyamba, nanga tsopano ali ndi zingati?