KODI MCHIRA WAUTALI NGWANTCHITO YANJI?

M'phunziro la Biology timaphunzira kuti chamoyo chimene thupi lake likugwirizana bwino ndi malo amene chikukhala ndicho chimapulumuka ndi kusiya ana ambiri. Ganizo limeneli analifotokoza a Charles Darwin m'chaka cha 1859. Koma ine ndili ndi funso limene ndifuna tiliganizire pamodzi. Nanga pikoko wamwamuna, amene amakoka nthenga zotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, nthengazo zimampulumutsa ku chiyani? Sizimthandiza kupeza chakudya, ndipo kuti zimere zimadya mphamvu zambiri za thupi. A Darwin eni akewo nkhaniyi inawasowetsa mtendere, mwakuti m'chaka cha 1860 anadandaulira mnzawo Asa Gray m'kalata kuti nthenga ya pikoko inkawadwalitsa akangoiona.

Yankho lawo analipereka mu 1871. Iwo anati kupulumuka pakokha sikukwanira, pakuti nyama yamphongo imene yakhala zaka zambiri koma osapeza yaikazi imafa osasiya mbewu. Tsono pali zida za mitundu iwiri. Zina ndi zomenyera amuna anzake, monga nyanga za mphalapala. Zina ndi zokopera akazi, ndipo izi zimakula mibadwomibadwo chifukwa zazikazi zimasankha. Akatswiri ambiri a nthawiyo, kuphatikizapo Alfred Russel Wallace, sanakhulupirire kuti mbalame yaikazi ingasankhe mwamuna poona kukongola.

Umboni umene ine umandigwira mtima unachokera ku Kenya, ndipo unasindikizidwa mu 1982. Kumeneko kuli mbalame ina ya m'madambo imene Angelezi amaitcha widowbird. Yaimuna ndi yakuda, ndipo nyengo yoswana imakhala ndi mchira wa masentimita pafupifupi 50, pamene yaikazi ndi yotuwa, ya mchira waufupi. Katswiri wa ku Sweden, Malte Andersson, anagwira zazimuna 36 nazigawa zinayizinayi. M'gulu lililonse, yoyamba anaidula mchira kutsala masentimita ngati 14. Nthenga zodulidwazo anazimata pa mchira wa yachiwiri mpaka unafika masentimita ngati 75. Yachitatu anaidula ndi kumatanso pomwepo, ndipo yachinayi sanaidule konse.

Taonani nzeru imene ili pa mbalame yachitatuyo. Pakadapanda iyo, wina akadanena kuti zazikazi zikukopeka kapena kuthawa chifukwa cha ulimbo, osati kutalika kwa mchira. Ife amene tikukonzekera mayeso tizikumbukira kuti kuyesa kulikonse kumafuna chofanizira chotere.

Atazimasula anawerenga zisa zatsopano zimene zinapezeka m'dera la yaimuna iliyonse. Za mchira wowonjezera zinapeza zisa zambiri kuposa zinzake zonse, ndipo zodulidwa zinapeza zochepa. Chikhalirecho zodulidwazo sizinalandidwe madera awo ndi amuna anzawo. Apa zinaoneka poyera kuti mchirawo suopseza amuna, koma umakopa akazi.

Nanga yaikazi imapindulanji posankha chotere? Apa ndi pamene akatswiri amasiyana. Ronald Fisher mu 1930 anati yaikazi yokonda mchira wautali imabala ana aamuna a mchira wautali ndiponso ana aakazi okonda mchira wautali, choncho ziwirizi zimakokana mpaka mchira utafika polemetsa mwiniwake. Amotz Zahavi wa ku Israel mu 1975 anati kulemerako ndiye mfundo yake: chinthu chodula sichinamizika, mbalame yofooka singathe kuchinyamula. Ndipo mu 1982 William Hamilton ndi Marlene Zuk anawonjeza kuti mtundu wowala umasonyeza thupi lopanda tizilombo. Zuk anadzapeza pa nkhuku zakutchire za ku Asia, makolo a nkhuku zathuzi, kuti tambala wa njoka zam'mimba amakhala ndi lipombo laling'ono, ndipo misoti imakonda wa lipombo lalikulu. Kwa ine ganizo lachiwiri ndi lachitatu ndi losavuta kulimva, chifukwa aliyense woweta nkhuku amadziwa kuti tambala akadwala lipombo limafwifwa. Komabe ganizo la Fisher silinagonje, ndipo onse atatu angathe kugwira ntchito pa mbalame imodzi.

Za pikoko nkhani sinathe. Marion Petrie ku England anapeza mu 1994 kuti anapiye a pikoko wa nthenga zokongola kwambiri ankakula msanga ndi kupulumuka bwino. Koma mu 2008 Mariko Takahashi ndi anzake, atayang'anira apikoko ku Japan zaka 7, sanapeze kuti akazi amatsata nthengazo.

Funso lina nali: bwanji kawirikawiri wosankha amakhala wamkazi? Yankho tingalione m'nyanja yathu ya Malawi. Ku Cape Maclear nsomba zina zazimuna za mtundu wa utaka zimaunjika timilu ta mchenga pansi pa madzi, zambiri pamalo amodzi, ndipo yaikazi imayendera timiluto isanaikire mazira. Ikaikira imawatola ndi kuwasunga m'kamwa masabata angapo, osadya bwino, pamene yaimunayo yatsala pa kamulu kake kudikira ina. Amene wataya zambiri pa mazirawo ndi yaikazi, nchifukwa chake siikira pa kamulu kalikonse kamene yakapeza.