Nkhokwe ya Magetsi a Dzuwa: Phunziro la Batire ya Pakhomo

Munthu woyenda m'midzi ya ku Nsipe masiku ano aona sola pa madenga ambiri, a malata ndi a udzu omwe. Zina zinagulidwa pa Ntcheu kapena pa Balaka, zina anabwera nazo ana ochokera ku Joni. Koma mukalowa m'nyumba zimenezo kutada, mupeza kuti zingapo zikuunikidwabe ndi tochi, ndipo mukafunsa chifukwa, yankho limakhala limodzi: batire inafa. Sola yabwino imagwira ntchito zaka 20 kapena kuposerapo, pamene batire yosasamalidwa simaliza ndi chaka chomwe. Apa ndi pamene ndalama za mabanja, zina zochita kubwereka ku banki mkhonde, zikutayikira.

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ndipo oposa theka ankadalira zounikira za mabatire. Ngakhale olumikizidwa ku ESCOM sagona tulo: mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. M'chaka chomwecho, kwa anansi athu ku Golomoti m'boma la Dedza, kampani ya JCM Power inayamba kupereka mamegawati 20 ochokera ku dzuwa, ndipo pambali pa masola ake inaika mabatire aakulu osungiramo mphamvu. Zimene akuchita ku Golomoti n'zomwezo zimene banja la ku Nsipe likufuna kuchita pa khomo pake: kukolola masana n'kudya usiku.

Kupanga batire n'kutani?

Tiyambe tamvana. Palibe amene angaumbe batire yodalirika pa khonde ndi mtovu wosungunula ndi asidi. Amisiri otsegula mabatire akale n'kusinthamo zam'kati amangowatalikitsira moyo pang'ono, uku akudzipweteka okha. Chimene munthu angadzichitire ndi kusankha zipangizo zoyenerana, kuzilumikiza molondola ndi kuzisamala.

Batire ya galimoto ndiyo imene ambiri amayamba nayo chifukwa imapezeka msanga. Koma inapangidwa kuti itulutse mphamvu yambiri kwa kamphindi poliza injini, kenaka n'kudzazidwanso nthawi yomweyo. Mukamaikama usiku uliwonse imatha m'miyezi yowerengeka. Yoyenera sola ndi imene imalembedwa kuti deep cycle. Nayonso ndi ya mtovu ndi asidi, koma mbale zake zam'kati n'zochindikala. Mtundu winanso ndi wa lithium, makamaka wolembedwa LiFePO4. Ndi wokwera mtengo pogula, koma ndi wopepuka, ungagwiritsidwe ntchito mpaka magawo 80 pa 100 a mphamvu yake, ndipo umadzazidwa ndi kuphwetsedwa maulendo masauzande, pamene wa mtovu umangofika mazana angapo.

Werengani kaye musanagule

Mlimi samanga nkhokwe asanadziwe pakamwa pamene adyetse. Tengani pepala, lembani chipangizo chilichonse, mawati ake (amalembedwa kumbuyo kwake ndi chilembo W) ndi maola amene chimayaka pa tsiku, ndipo muchulukitse. Tiyerekeze nyumba ya mababu anayi a mawati 5 oyaka maola asanu: imeneyo ndi 100. Wailesi ya mawati 10 kwa maola anayi ndi 40. Mafoni atatu, iliyonse pafupifupi 10, ndi 30. Kanema wa mawati 40 kwa maola atatu ndi 120. Zonse pamodzi ndi 290, tingoti 300. Gawani 300 ndi mavolti 12 a batire, mupeza 25. Nambala imeneyi ndi ya muyeso wolembedwa Ah pa batire, ndipo ikusonyeza zimene nyumbayo imadya pa tsiku.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Batire ya mtovu siyenera kutsika kupitirira theka, choncho nyumba yodya 25 Ah ikufuna batire ya 50 Ah. Komatu kuno kuli masiku a mitambo mu Januwale ndi Febuluwale, ndi a chiperoni mu Juni ndi Julayi, pamene dzuwa limabisala tsiku lathunthu kapena awiri. Kuti nyumba isade masiku otero, batire ikhale ya 100 Ah.

Sola nayo iyenerane ndi batire. Ngakhale kumawala maola khumi ndi awiri, dzuwa lamphamvu lokwanira kudzaza batire tiziliwerengera maola anayi kapena asanu, ndipo gawo lina la mphamvu limatayika m'mawaya ndi m'kutentha. Pa nyumba ya chitsanzo chathu, sola ya mawati 150 ikwanira bwino. Batire yaikulu yolumikizidwa ku kasola kakang'ono sidzadza konse, ndipo batire ya mtovu yokhala masiku ambiri yosadzaza imamera zouma zoyera pa mbale zake zam'kati, zimene sizichokanso. Mabatire ambiri m'midzi muno amafa ndi njala yotereyi, osati ndi ukalamba.

Chenjezo kwa ogula pa msika: zolembedwa pa chikwama si zonse zoona. Batire ya mtovu ya 100 Ah yeniyeni imalemera pafupifupi makilogalamu 30. Ngati mwainyamula ndi dzanja limodzi ngati chigubu cha mafuta ophikira, isiyeni pomwepo. Funsani lisiti ndi pepala lotsimikizira kuti akakusinthirani ikavuta.

Kwa ofuna kulumikiza okha ya lithium

Maselo a LiFePO4 amagulitsidwanso paokha, ndipo mmisiri wodziwa angathe kupanga nawo batire ya pakhomo. Selo iliyonse imapereka mavolti 3.2. Anayi akalumikizidwa mondondozana, kuphatikiza kwa ina kukhudzana ndi kuchotsera kwa inzake, amapereka mavolti 12.8. Onse anayi akhale a mtundu umodzi, kukula kumodzi ndi msinkhu umodzi, ndipo adzazidwe mofanana asanamangidwe pamodzi. Aikidwe m'bokosi lolimba, ndi zotchinga zosadutsa magetsi pakati pawo.

Chosasiyidwa ndi kachipangizo kotchedwa BMS, kamene kamayang'anira selo iliyonse kuti isapitirire mavolti 3.65 podzaza kapena kutsika pansi pa 2.5, ndipo kamadula magetsi mawaya akagundana. Kulumikiza lithium popanda BMS n'kuika moto pa denga la udzu. Achinyamata ena amatola maselo ang'onoang'ono m'mabatire akale a laputopu n'kuwawotcherera pamodzi. Luso lawo n'loyamikika, koma maselo amenewo ndi a mtundu wina wa lithium wosachedwa kuyaka, ndipo mbiri ya selo iliyonse sidziwika. Oterowo asagone m'nyumba mogona anthu.

Kuika pamalo pake

Popeza tili kummwera kwa equator, sola iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri pafupifupi 15, kuti ilandire dzuwa la miyezi yozizira ndi kuti mvula izitsuka fumbi. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango pa ngodya ya sola umatsitsa mphamvu ya sola yonse. Pakati pa sola ndi malata pakhale mpata wodutsa mphepo, chifukwa sola yotentha kwambiri imapereka zochepa.

Pakati pa sola ndi batire pakhale leguleta, imene ena amati chaji kontolola. Ntchito yake ndi kuletsa batire kudzaza mopitirira ndi kuzimitsa magetsi ikatsika kwambiri. Pa sola ya mawati 150, leguleta ya maampu 15 kapena 20 ndi yabwino, ndipo ngati batire ndi ya lithium, leguletayo ikhale yovomereza lithium. Pali chizolowezi choipa chakuti leguleta ikazimitsa magetsi mpira uli mkati, mwini nyumba amachotsa mawaya n'kuwakoleka pa batire penipeni. Mpirawo auonadi mpaka kumapeto, koma wadula miyezi ya moyo wa batire yake.

Dongosolo lolumikizira ndi ili: yambani batire ku leguleta, kenaka sola, n'kumalizira mababu. Pomasula, yambani kuchotsa sola. Pa waya wofiira wa kuphatikiza, pafupi penipeni ndi batire, ikani fyuzi. Batire ya mavolti 12 sigwira munthu, n'chifukwa chake ambiri amaiderera, koma mawaya ake akagundana imatulutsa mphamvu yokwanira kufiiritsa waya ngati khasu la pa ng'anjo. Pogwira ntchito vulani mphete ndi wotchi, ndipo kulungani chogwirira cha sipanala ndi tepi. Mawaya akhale a mkuwa, ochindikala ndi aafupi. Tiwaya ta masipika timene ambiri amagwiritsa ntchito timadya mphamvu ndi kutentha.

Batire ya mtovu yothira madzi imatulutsa mpweya wa hydrogen ikamadzaza, ndipo mpweyawo umaphulika ukakumana ndi moto. Ikhale m'bokosi loboola, pamalo pozizira podutsa mphepo, pokwera kuti madzi asafikepo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi ana, osati kunsi kwa bedi.

Wofuna zipangizo za mavolti 230 afunika inveta. Dziwani kuti inveta imadya mphamvu ngakhale palibe chimene chalumikizidwa, choncho izizimitsidwa. Mababu, wailesi ndi kanema za mavolti 12 n'zosungitsa mphamvu koposa. Simbi ya magetsi ya mawati 1,000 imakoka maampu oposa 80 pa batire; imeneyo, ketulo ndi hotipuleti si za dongosolo laling'ono ngati ili. Magetsi otuluka mu inveta amapha, ndipo kuwalowetsa m'mawaya a nyumba ndi ntchito ya mmisiri wokhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA. Nyumba yolumikizidwa kale ku ESCOM isayerekeze kukoleka inveta pa soketi, chifukwa magetsiwo angabwerere pa mzere n'kupha wogwira ntchito pa polo.

Kusamala ndi kutaya

Kamita koyezera mavolti n'kotsika mtengo, ndipo komiti ya chitukuko ya m'mudzi ingathe kukhala ndi kamodzi kobwerekana. Batire ya mtovu itapuma kwa ola limodzi kapena awiri, 12.6 kapena 12.7 imasonyeza kuti yadzaza, 12.2 ndi theka, ndipo pansi pa 12 ikuwonongeka. Mwezi uliwonse onani madzi m'zipinda zake zisanu ndi chimodzi, ndipo onjezerani madzi a batire ogula okha, osati a pa mjigo, osatinso asidi. Pukutani sola ndi nsalu yonyowa m'mamawa, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Novembala pamene fumbi ndi phulusa la lupsa zimachuluka. Musaphatikize batire yatsopano ndi yakale, pakuti yakaleyo imakokera inzake pansi. Asidi akagwera m'maso kapena pa khungu, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenaka thamangirani ku chipatala.

Batire ikafa, ngozi yake sinathe. Mtovu ndi poizoni wowononga ubongo wa ana, ndipo bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ungatchedwe wosavulaza. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa cha fumbi la mtovu m'dera limene anthu ankaswa mabatire akale kuti agulitse mtovuwo. Batire yakufa isaswedwe pa khomo, isatayidwe m'dzala kapena m'chimbudzi, ndipo chikwama chake chisasanduke momwera nkhuku. Isungeni yoimirira, yotseka ndi yosatayika asidi, ndipo pokagula yatsopano funsani wogulitsayo ngati amalandira zakale.