Phunziro: Mapangano a COMESA ndi amayi a geni

Mu December 1994 atsogoleri a maiko anasonkhana kuno ku Lilongwe kudzakhazikitsa COMESA, msika wa maiko a kummawa ndi kummwera kwa Africa. Mu August 2021 anabweranso ena ku BICC, ku City Centre, pa msonkhano wa SADC. Tsono mayi amene akugulitsa pa msika waukulu ku Old Town, atakwera minibasi kukaoda katundu ku Chipata, wapindulapo chiyani?

Phindu lilipo, koma ambiri salidziwa. Kuyambira mu 2000 Malawi ndi Zambia anagwirizana, pansi pa COMESA, kuti katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'dziko limodzi azilowa m'dziko linalo popanda msonkho wolowetsera katundu. Vuto linali mapepala, omwe ankafuna ma ejenti ndi ndalama. N'chifukwa chake anakonza njira yapafupi ya amalonda ang'onoang'ono, yotchedwa STR. Ngati katundu wanu sakuposa mtengo umene unaikidwa ngati malire, ndipo ali pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana, mumangodzaza fomu yachidule pachipata pomwepo. Chipata cha Mchinji ndi Mwami, chimene anachimanga chatsopano n'kuchitsegula mu December 2022, chimakulolani kumaliza zonse malo amodzi.

Apa mumvetse bwino, poti ndi pamene anthu amakangana ndi a MRA. Chimene chachotsedwa ndi msonkho wolowetsera katundu wokha. VAT mulipirabe pa katundu amene amalipiritsidwa VAT, ndipo mbewu ndi zakudya zimafunabe ziphaso za zaumoyo. Kachiwiri, chofunika n'kumene katunduyo anapangidwa. Nsapato za ku China, ngakhale mutazigula ku Chipata, ndi za ku China basi. Kaunjika ndiye musatchule n'komwe. Dziwaninso kuti Tanzania ndi Mozambique sali mu COMESA. Ndi amenewo timakumana ku SADC, komwe malamulo ake ndi ena.

Mayi wosadziwa izi amaopa ofesi, n'kudzera njira zamadulira. Kumeneko amalipira anyamata omuolotsa, katundu amalandidwa, ndipo ena amachitidwa nkhanza zoti sangazinene kwa aliyense, mpaka kutengerako matenda. Kawirikawiri ndalama zimene wataya kutchireko zimaposa zimene akadalipira pachipata.

Sitikunena kuti mapanganowa ndi olimba ngati mwala. Mu 2025 Malawi italetsa katundu wina wakunja, Tanzania inabwezera poletsa zokolola zathu, ndipo oyamba kulira anali amalonda ang'onoang'ono a ku Songwe, ngakhale chiletsocho sichinakhalitse. Boma likaopa njala limatsekanso chimanga kutuluka, pangano lili pomwepo.

Pagulu lanu la banki mkhonde, funsanani kuti ndani amapita ku Chipata ndipo amalipira zingati. Amene akupita ulendo uno afike pa desiki yothandiza amalonda pachipata cha Mchinji, apemphe mndandanda wa katundu wa STR, aujambule pafoni n'kubwera nawo ku msonkhano wotsatira.